Foni inakuwa nsima ili pamoto

Moni nonse, mwaswera bwanji. Lero sindikujambulira ku Toyama ku Japan kumene ndimakhala ayi, ndabwera ku holide, ndili ku Masasa pakhonde la amayi, ndiye phokoso mukumvalo ndi mvula pa malata, mundikhululukire, mvula ya pa Mzuzu mukuidziwa siyipempha chilolezo.

Dzulo alamu anga amandifunsa kuti ku Japan chinakudabwitsani kwambiri nchani, iwo amayembekeza kuti nditchula masitima othamanga aja. Ine ndinati foni. Pa 1 January 2024, 4 koloko itangodutsa madzulo, ndinali kuphika nsima ya ufa umene ndinanyamula kuno (ufa umenewo ndimauyeza ndi supuni aise), basi foni inangoyamba kukuwa chonsecho inali pa silent, kulira koipa kosafanana ndi ringtone iliyonse, kenako mawu akuti jishin desu, ndiye kuti chivomezi. Ndinazimitsa moto nkudzipanikiza pansi pa tebulo mthiko uli m'manja, ndisanapume nkomwe nyumba inayamba kuvina, makapu gwa gwa pansi. Chinali chivomezi cha ku Noto, dera loyandikana ndi Toyama, champhamvu ya 7.6.

Mnzanga wa kuntchito ndi amene anadzandimasulira mmene zimayendera. Chivomezi chimatulutsa mafunde amitundu iwiri, oyamba amathamanga koma ndi ofooka, achiwiri amachedwa koma ndi amene amagwetsa nyumba. Ndiye a Japan Meteorological Agency, nthambi ya boma yoona zanyengo ndi zivomezi, ali ndi makina dziko lonse amene amamva oyamba aja, kompyuta nkuwerengera malo ndi mphamvu yake, uthenga nkulowa m'mafoni onse a dera limenelo achiwiri aja ali m'njira. Anthu wamba anayamba kulandira chenjezo limeneli mu 2007. Ndi masekondi chabe eti, ukakhala pafupi kwambiri ndi pamene chayambira mwina chikupeza foni isanalire, komabe shinkansen, sitima yothamanga ija, imaima yokha, mita ya gasi nayo imadzitseka.

Koma apa mpamene ndinachita manyazi. Pa NHK, wailesi ya kanema ya ku Japan, mayi wowerenga nkhani akukalipa kuti thawani tsunami ikubwera, ndiye kuti mafunde akuluakulu a m'nyanja osefukira kumtunda, ine ndatuluka panja jekete kumanja, sindikudziwa kolowera. Mapu osonyeza kumene madzi angafike ndi kothawira anandipatsa kalekale tsiku limene ndimalembetsa adiresi ku ofesi ya mzinda, ine ndinawasandutsa poikira poto wotentha. Anandipulumutsa ndi agogo a nyumba yoyandikana, kachikwama kawo kali kale kumsana muli madzi, tochi ndi mankhwala, anangondikoka mkono mpaka pa sukulu ya pulaimale, tinakwera nsanjika yapamwamba, tapeza anthu atafunda mabulangete ali phee ngati pa maliro. Agogowo analibe ngakhale smartphone, njira anangoiloweza chifukwa amayeserera chaka ndi chaka.

Kunoko zivomezi si nkhani yachilendo, a ku Karonga akukumbukira December 2009, koma ife a Mzuzu chimatipweteka kwambiri ndi mvula. Mu April 2016 inagwetsa nyumba kuno ku Masasa ndi madera ena, poti tamanga m'mapiri ndi m'madambo, njerwa zina zomangira dothi. Machenjezo a zanyengo amayi amawamva ndithu, pa wailesi komanso pa gulu la WhatsApp la amayi a mvano bundle ikakhalapo. Ndiye m'mawa uno ndawafunsa kuti amayi, khoma ili likayamba kung'aluka usiku mukathawira kuti? Akuti kutchalitchi. Ndati tchalitchi chathu si chili kumunsi kumene madzi onse amatsikira? Anangoseka nkundiuza kuti ndimwe tiyi asanazizire.

Mvula ikakata mawa ine ndi mphwanga tiyenda wapansi kuchoka pakhomo pano mpaka pamtunda, tione mphindi zingati ndi mwendo wa amayi uja, njirayo tiijambule pa pepala timate kuseri kwa chitseko. Iye akuti bola pa Google Maps, ndamuuza kuti magetsi akazima masiku awiri foni yakeyo aitchaja ndi chani.