Mavidiyo onse anaonera, koma beam yamugwetsa

Moni a ku Joni, a ku Cape Town, ndi inu akumudzi amene mukumvera pa bando yobwereka. Ndangotsika taxi kuchokera ku koleji, mutu udakali wotentha.

Zotsatira za test ya Engineering Science N4, phunziro la uinjiniya ku makoleji a ntchito zamanja kuno ku South Africa, zatuluka lero. Mng'ono wathu wina wa ku Mangochi wagwa, ndipo njira yonse amangodandaula kuti, "Achimwene, koma mavidiyo ndinaonera onse." Sakunama. Foni yake yadzaza aphunzitsi a maphunziro aulere a pa intaneti, a NPTEL a ku India ndi a MIT OpenCourseWare a ku America, ma past paper ndi ma memo (mapepala a mayankho ake) a pa gulu la WhatsApp. Amadzuka pakati pa usiku kudawuniloda pa data yotchipa ija, Eskom ikalola.

Ine zinthuzi sindizinyoza ayi. Enafe ku Poly sanatitenge, lero pulofesa akutiphunzitsa m'kachipinda ka malata, ndipo ukapanda kumva umamubweza kumbuyo osakukalipira. Pepani ndipatuke: abwana athu ku workshop anandidula malipiro mwezi watha ati ndimasewera pafoni nthawi ya lunch. Nthawi yanga yomwe! Munthu woti sadziwa kuti crane yake imanyamula zingati. Zisiyeni.

Vuto la vidiyo ndi lakuti imakunamiza kuti wamva. Mphunzitsi akujambula free body diagram, chithunzi chosonyeza ndi mivi mphamvu zonse zokankha kapena kukoka chinthu, mivi ikugwera m'malo mwake bwinobwino, iwe ukungogwedeza mutu uku ukutakasa nsima. M'mayeso amakupatsa beam, mtanda wonyamula katundu, yopanda muvi ndi umodzi womwe. Beam ya mamita 6, yotsamira kumapeto konse, katundu wa 12 kN (ma kilonewton, muyeso wa mphamvu) ali mamita 2 kuchokera kumanzere. Tenga ma moment (mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda) kumanzereko: 12 kuchulukitsa ndi 2, kugawa ndi 6, kumanja kukunyamula 4 kN, kumanzere 8. Zophweka, eti? Mnyamatayu analemba 8 kumanja. Akanaganiza za anthu awiri onyamula thumba la chimanga pamtengo, akanadziwa kuti amene walira ndi yemwe ali pafupi ndi thumba.

Ndiye mverani, ana inu. Funso likangotuluka, imitsani vidiyo. Tengani pensulo, jambulani nokha, lakwitsani nokha, kenako muone mmene mphunzitsiyo wachitira. Memo musamaitsegule musanatuluke thukuta. Mphunzitsi mmodzi akukwanirani. Ukasakaniza asanu, wina akuwerenga mu mapaundi ndi mafiti a ku America, wina akutcha clockwise kuti positive, wina negative, mutu umangozungulira. Ndipo mukumane awiri atatu Lamlungu, wina afotokozere mnzake pakamwa, m'Chichewa chomwe. Pamene lilime lakakamira ndi pomwe simunamve.

Mng'ono wathuyo ndamuuza abwere kwanga Lamlungu likubwerali ndi pensulo komanso rula, foni aisiye m'thumba. Akabweretsa usipa umene amutumizira uja, friction, phunziro la kukhulana kwa zinthu, ndimuphunzitsa ulere. Sabata yamawa tikambe za ma permit.