Makalata Anu: Chakudya chili pa doko, njala ili ku Darfur

Moni omvera nonse kulikonse kumene muli. Sabata yatha tidakamba za nkhondo ya ku Sudan, ndipo makalata abwera ochuluka moti ena ayembekezera sabata yamawa. Pepani kwa amene sitiwafikira lero.

Tiyambe ndi bambo wina wa ku Lilongwe amene amayendetsa thiraki pakati pa Beira ndi kuno kumudzi. Akuti:

"Achimwene, ine katundu ndimamudziwa. Ndikanyamula ku Beira, ngakhale andichedwetse bwanji pa Zobue ndi pa Mwanza, sabata siyitha ndisanatsitse. Nanga ku Sudan akuti chakudya chilipo, magalimoto alipo, koma ana akufa ndi njala. Kodi si ulesi wa mabwana a m'maofesi umenewu? Andipatse thiraki ine ndikaonetse."

Bambo, mtima wanuwo ndaukonda, koma thirakiyo musathamangire kuilandira. Nkhondo idayamba pa 15 Epulo 2023 pakati pa asilikali a boma otsogozedwa ndi Abdel Fattah al-Burhan ndi gulu lankhondo la Rapid Support Forces (RSF) la Mohamed Hamdan Dagalo, amene ambiri amangomutchula Hemedti. Tsiku loyamba lomwelo, antchito atatu a bungwe loona za chakudya la WFP adaphedwa ku Kabkabiya m'chigawo cha Darfur. Likulu la Khartoum litasanduka bwalo lankhondo, boma ndi mabungwe adasamukira ku Port Sudan, doko la m'mbali mwa Red Sea kum'mawa kwenikweni kwa dzikolo. Njala yoopsa ndiye ili kumadzulo, ku Darfur. Ndiye chakudya chimatsika m'sitima mbali imodzi, ochifuna ali mbali ina, pakatipo pali mizinga.

Inu pa boda mumapereka mapepala ku boma limodzi kenako lina, ndipo maboma awiriwo amagwirizana kuti mudutse. Mnzanu wa ku Sudan ayenera kutenga chilolezo ku ofesi ya boma yoona za thandizo yotchedwa HAC. Akalowa m'dera la RSF, pepala la boma lija ndi lopanda ntchito, mwinanso n'kumuika m'madzi, chifukwa a RSF nawo adatsegula ofesi yawo yopereka zilolezo. Pamsewu pali malodibuloko a anyamata a mfuti amene samvera onse awiri, amangofuna yawo ya m'thumba. Ikagwa mvula, kuyambira cha mu Juni mpaka Seputembala, makhwawa amadzadza, thiraki n'kuima masabata.

Njira yachidule ilipo, yodzera ku Chad pa chipata cha Adré. Boma lidatseka chipatachi mu Febuluwale 2024 ponena kuti a RSF amalowetserapo zida, ndipo lidachitsegulanso mu Ogasiti chaka chomwecho, kwa miyezi itatu yokha poyamba, kenako n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Tangoganizani kukonza ulendo wa matani zikwizikwi usakudziwa ngati geti lidzakhale lotsegula. Mwezi womwewo wa Ogasiti akatswiri adalengeza kuti pa msasa wa othawa nkhondo wa Zamzam, pafupi ndi mzinda wa El Fasher ku Darfur, pagwa njala yakupha. Mawu amenewa sawatchula mwachisawawa. Amafuna umboni wakuti banja limodzi mwa asanu alionse lilibiretu chakudya, ana atatu mwa khumi alionse anyentchera, ndipo tsiku lililonse mwa anthu 10,000 akumwalira awiri.

Ndipo madalaivala amayesa, bambo. Mu Juni 2025 mdipiti wa mathiraki 15 a WFP ndi UNICEF udayenda mtunda woposa makilomita 1,800 kuchokera ku Port Sudan, kuposa kawiri kutalika kwa Malawi yense. Uli pa Al Koma, ukudikira kuti uloledwe kupitirira ku El Fasher, udaphulitsidwa usiku. Anthu asanu adafa, katundu adapsa, mbali ziwirizo n'kumalozana zala. M'menemo anthu a mu El Fasher anali atayamba kudya ambaz, zotsalira za mtedza akaufinya mafuta, zimene amadyetsa ziweto.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi athu a ku Nsanje. Yalembedwa ndi mdzukulu wawo, koma mawu ndi awo:

"Mwana wanga, ine ndidaona anthu a ku Mozambique akubwera wapansi nthawi ya nkhondo yawo, tidagawana nawo mitondo ndi zitsime. Ndidaonanso Freddy. Pa msasa wathu padabwera mabungwe atatu, onse ndi mabulangete, pamene ife tinkalira ufa ndi mankhwala othira m'madzi. Msasa wa kutsidya sudalandire kanthu milungu iwiri. Ndiye ndifunse, kumalo ankhondoko mfumu ya mabungwe onsewa ndani? Kapena aliyense amangoyenda m'mene wadzukira?"

Zikomo mayi. Mwafunsa funso limene lidavutitsa United Nations zaka zambiri, ndipo chodabwitsa n'chakuti yankho lake lidachokera ku Darfur komweko. Nkhondo ya kumeneko ya 2003 ndi 2004 itavuta, thandizo lidachedwa ndiponso lidali losokonekera monga mwafotokozeramu: uku zaunjikana, uku kulibe. Mu 2005 adagwirizana zogawana ntchito m'magulu, amene pa Chingerezi amati makilasita. Zaumoyo atsogolere a WHO. Madzi, zimbudzi ndi ana onyentchera a UNICEF, amene amabweretsa chiponde chija mumachidziwa kusikelo. Chakudya, gulu limene lidawonjezedwa pambuyo pake, a WFP ndi a FAO. Mayendedwe a katundu, nkhokwe ndi mawailesi olumikizirana a WFP. Wosonkhanitsa onsewa ndi ofesi ya United Nations yotchedwa OCHA, imene mkulu wake kuyambira kumapeto kwa 2024 ndi Tom Fletcher wa ku Britain. Ngakhale kuno kwathu, ngozi ikagwa, nthambi ya boma ya DoDMA imagawa ntchito m'magulu otere.

Koma mfumu, mayi, palibe. OCHA ili ngati mkulu wa pamaliro amene amauza adzukulu kokumba ndi amayi kophikira, koma sangalipitse munthu mbuzi akakana. Chida chake chachikulu ndi ndandanda: ndani akuchita chiyani, kuti. Bungwe lililonse limayenera kulembapo, kuti mabulangete atatu aja asakumane pamsasa umodzi. Vuto n'lakuti bungwe lililonse lili ndi amene amalipatsa ndalama, ndipo opereka ndalama amakonda malo ofikika, ojambulika bwino. Pamtendere kusamvana kotere kumagonetsa anthu ndi njala. Pankhondo kumaphetsa, chifukwa bungwe limodzi likavomera kulipira pa lodibuloko kuti lidutse msanga, mawa mtengo umenewo waikidwa pa onse. Misonkhano yambiri imene anthu amaiseka kuti n'kungomwa tiyi imakhala yokangana zimenezi: tonse tikane limodzi, kapena tonse tivomere.

Ndinene maganizo anga apa. Misonkhanoyo ilipo yambiri kuposa muyeso, ndipo yambiri imachitika m'Chingerezi kutali ndi ovutikawo. Komabe amene adagonapo pa msasa wa kutsidya uja sanganene kuti ndandanda n'njopanda pake.

Mnyamata wina wa pa sukulu ya ukachenjede ku Zomba watumiza uthenga waufupi koma wotentha:

"Zimandinyansa kumva kuti a UN akhala pansi ndi anthu amene apha ndi kugwirira amayi. Kukambirana ndi chigawenga n'kuchivomereza. Komanso chakudyacho si chimathera m'mimba mwa asilikali omwewo?"

Mphwanga, china mwanena ndi choona. Mu Disembala 2023 a RSF atalanda mzinda wa Wad Madani, nkhokwe ya WFP idathyoledwa, ndipo chakudya chimene chidabedwa chikadadyetsa anthu pafupifupi 1.5 miliyoni kwa mwezi wathunthu. Kuba kulipo. Koma msewu wopita kwa mwana wanjala uli m'manja mwa amene ali ndi mfuti pamsewupo, kaya ndi wabwino kaya ndi woipa. Ukakana kuyankhula naye wasiya mwanayo. N'chifukwa chake mdipiti usananyamuke amadziwitsa mbali zonse ziwiri njira, tsiku ndi manambala a magalimoto. Wogwira ntchitoyi sapita kukaweruza mlandu, milandu ili ndi makhoti ake, ndipo khoti la padziko lonse la ICC ku The Hague lili ndi mafayilo a Darfur kuyambira 2005. Kuti kukambiranako kumapindula nthawi zonse, ayi. Mbali ziwirizi zidasainirana ku Jeddah, ku Saudi Arabia, pa 11 Meyi 2023 kuti ziteteza anthu wamba ndi kulola thandizo kudutsa, koma El Fasher idazingidwa kuyambira Meyi 2024 mpaka idagwa m'manja mwa RSF kumapeto kwa Okutobala 2025.

Yomaliza lero yachokera kwa mkulu wa mpingo wina ku Johannesburg, kwathu kuno ndi wa ku Dedza. Akuti amayi a mpingo wawo asonkhanitsa zovala ndi nsapato mabelo angapo, ndipo akufunsa kuti atumize bwanji.

Abusa, Mulungu awadalitse amayiwo, koma mabelowo muwapatse osowa amene muli nawo pafupi. Mwamva kale za msewu. Malo a belo la kaunjika pa thiraki ndi malo a makatoni a chiponde. Chimene chimayenda mosavuta ku Sudan ndi ndalama, ndipo ndikufotokozereni kumene zimathera.

Mabungwe akuluakulu atathawa m'Khartoum, amene adatsala ndi achinyamata a m'makwalala momwemo, ambiri a iwo ochokera m'makomiti amene adatsogolera zionetsero zochotsa pulezidenti Omar al-Bashir mu 2019. Adapanga timagulu totchedwa Emergency Response Rooms. Maziko ake ndi mwambo wawo wa nafeer, wofanana ndi dima lathu, pamene mudzi wonse umakalima m'munda mwa mmodzi. Amatsegula khitchini ya onse, imene amati takaya, pabwalo la sukulu kapena la mzikiti: miphika ikuluikulu ya mphodza kapena nyemba, nkhuni, ndi mzere wa zidebe ndi mapoto amene anthu amaika m'mawa kuti asunge malo. Banja limatenga chakudya kamodzi patsiku. Ndalama zimachokera kwa abale a kunja kudzera pa foni, pa apu ya Bankak. Intaneti itazimitsidwa mu Febuluwale 2024 miphika yambiri idazizira, mpaka anthu adayamba kulipira ola limodzi pa Starlink, intaneti ya pa setilaiti, kuti alandire ndalama. Kumayambiriro kwa 2025 boma la America litaimitsa thandizo la USAID, makhitchini mazanamazana adatsekanso. Achinyamatawa amamangidwa ndi kuphedwa ndi mbali zonse ziwiri, uku akuti ndi akazitape a boma, uku akuti ndi a RSF.

Iwowa ndi amene amadziwa khomo limene muli gogo wosayenda, ndi mseu umene lero muli woombera. Kwa nthawi yaitali pa misonkhano ija analibe mpando, chifukwa alibe satifiketi ya bungwe kapena akaunti ya ku banki, ndipo opereka ndalama amafuna malisiti. Malisiti a nkhuni pansi pa mizinga! Pano mabungwe ena adaphunzira kuwapatsa ndalama pang'onopang'ono kudzera mwa anzawo olembetsedwa. Choncho abusa, musanapereke ku bungwe lililonse, funsani mafunso awiri: kodi muli ndi ntchito mkati mwa Sudan, ndipo ndi ndalama zingati zimene zimafika ku makhitchini a m'madera? Akazungulirazungulira poyankha, pitani kwina. Ndipo musatumize ku nambala ya munthu amene mwangomuona pa Facebook.

Nthawi yatithera. Mayi a ku Dowa amene mwafunsa za kuchepa kwa chakudya pa msasa wa Dzaleka, kalata yanu ndaiika pamwamba, tiyambira imeneyo sabata yamawa. Tsalani bwino.