Za Wi-Fi ya pasukulu, umvere mpaka kumapeto

Eya, mng'ono wanga, uthenga wako wofunsa za kalowedwe ka pa Wi-Fi ya pasukulu ndauona. Kulemba kundichedwetsa, ndingolankhula, iwe uzimvera foni ili m'manja. Koma kaye, uli kuti? Ngati uli kunyumba ya lendi kuja usadzivute, Wi-Fi ya pasukulu siifika kumeneko. Pita ukakhale pakhonde la biblioteca pomwe anzako amaunjikana paja. Si mabuku akuwasonkhanitsa amenewo, ndi netiweki.

Tsono lowa mu Definições, ma setingi a foni aja, kenako Wi-Fi, izo ukuzidziwa. Mayina atuluka ambirimbiri, ena ndi a mafoni a anthu, asiye. Ufune dzina lomwe lili papepala limene anakupatsa tsiku lolembetsa. Ngati ndi eduroam, zilembo zing'onozing'ono zonse, uli ndi mwayi. Imeneyo si ya sukulu imodzi, ganizo lake linayambira ku Netherlands mu 2002, ndipo ukaikonza kamodzi, sukulu ina iliyonse yomwe ili nayo, kaya ku Beira kaya ku Maputo, foni imangolowa yokha.

Ukaidina ikufunsa zinthu. Método EAP, sankha PEAP. Pa fase 2, MSCHAPV2. Ambiri amayendera zimenezi, koma pepala lako likanena TTLS utsate pepalalo, osati ine.

Ndiye pali Identidade. Pamenepa... iyayi, dikira, usalembe kaye. Usalembe dzina lako la kumudzi pamenepo. Ndipo nambala yako yokha siikwana. Ulembe zonse, nambala kapena dzina lomwe anakupatsa, kenako arroba, ka @ kaja, kenako zonse zotsatira mpaka pothera. Wamva? Zili kutsogolo kwa arroba... aa, ndikutanthauza zobwera pambuyo pake, ndi zimene zimauza netiweki kuti munthuyu tikamufunse kusukulu iti. Popanda zimenezo sakudziwa kwanu. Komanso foni ili ndi kakhalidwe koipa, imayamba ndi chilembo chachikulu, kapena kuika kampata kumapeto osakuuza. Uyang'ane bwino. Identidade anónima uisiye opanda kanthu.

Certificado de CA, chiphaso chotsimikizira foni kuti netiwekiyo ndi yeniyeni. Mafoni akale anali ndi Não validar, kutanthauza osatsimikiza, anthu ankangodina pamenepo. Kuyambira pa Android 11 mafoni ambiri anachichotsa chimenecho, ndipo anachita bwino, chifukwa munthu akhoza kutsegula netiweki yabodza ya dzina lomwelo n'kumatola ma senha, mawu achinsinsi aja, a anthu. Usankhe certificados do sistema, pa Domínio ukopere zili papepala. Ikakana, pali app yotchedwa geteduroam, imakonza yokha zonsezi, koma kuti uitsitse pafunika ma mega ako a Movitel kapena Vodacom. Usawamalize pa TikTok usanachite zimenezi.

Tsopano chimene chinandizunza ine. Tsiku ndi nthawi. Ukundimva? Tsiku. Foni yanga ija yosweka galasi inathima magetsi atazima, batire mpaka ziro. Itayaka, kalendala inabwerera zaka zambuyo. Ine ndalemba zonse molondola, senha yolondola, foni ikungoti erro de autenticação. Ndinkati mwina andichotsa m'kaundula chifukwa cha propina, ndalama za sukulu zija. Mtima phaa. Pomwe nkhani yake ndi yakuti certificado ija ili ndi tsiku loyambira ndi lothera, ndiye foni ikamaganiza kuti tili chaka china imaona ngati ndi yabodza, nkukana. Sikuuzanso kuti vuto ndi kalendala. Choncho pita pa Data e hora, uike pa automático. Usangoyang'ana ola, uyang'ane chaka. Chaka, mng'ono wanga. Za ola usade nkhawa ngakhale foni itakoka netiweki ya ku Malawi popita kumalire ku Calomue, nthawi yathu ndi yawo ndi imodzi.

Ikakana kawiri katatu, leka. Usamangodina. Dina Esquecer, iiwale netiwekiyo, uyambirenso. Pali mnyamata wina wa ku Tsangano tinkagona naye, ndinamuuza zomwezi, iye n'kumati ndikudziwa, ndikudziwa. Anamenya senha yolakwika usiku wonse mpaka akaunti inatsekedwa, sabata ya mayeso. Yemweyonso, atamutsegulira, anagawira senha nyumba yonse, mpaka mwana wa eni nyumba. Ndinamufunsa kuti wina akachita zopusa pa intaneti, dzina lotuluka ndi la ndani? Anangoseka.

Ndinali pati? Eya. Ukasintha senha tsiku lina, foni izikakamirabe yakale, ndiye Esquecer yomweyo. Pa laputopu n'chimodzimodzi, Windows imangofunsa ziwiri, Identidade ija yonse ndi senha, kenako uvomereze kuti ilumikize.

Ikakanikabe upite kwa a informática, oona za makompyuta pasukulupo, m'mawa mzere usanatalike, utenge cartão yako. Ukalowa undijambulire sikirini unditumizire, koma senha isaoneke. Amayi akuti thumba la kachewere likubwera pa chapa Loweruka, ukalidikire pa siteji.