Makalata a Omvera: Ng'oma ankaimva, koma mwana akuti sakumudziwa

Moni nonse kumene mukutimvera, a ku Mbare, Highfield, Dzivarasekwa, Mabvuku, Epworth, mpaka inu a kumapulazi a ku Norton. Thumba la sabata ino lalemera. Ndiyamba ndi makalata afupiafupi, chifukwa pali ina imene yandigoneka mochedwa usiku wapitawu.

Bambo a ku Tafara, mwafunsa ngati mnyamata wanu wa zaka 11 angalowe kagulu ka anzake oweta nkhunda. Mloleni, bola mudziwe kuti khola lili kwa yani ndipo azifika pakhomo dzuwa lisanalowe. Nkhunda yokha imadziwa nthawi yobwerera kwawo, naye atengereko nzeru.

Iwe mtsikana wa ku Glen View, wadandaula kuti gulu lovina lakukana chifukwa uli ndi zaka 16 pomwe iwo amavina m'mabala usiku. Akuchitira zabwino, mwana wanga. Uzivina kusukulu ndi kutchalitchi, miyendo sithawa.

Tsopano tcherani khutu. Iyi yachokera ku Mufakose, ndiiwerenga monga ilili.

"Mwana wanga wa pawailesi, ndine gogo, makolo anga anachokera ku Dedza koma ine ndinabadwira konkuno. Ndikulera mdzukulu wa zaka 15, mayi ake ali ku Johannesburg. Amaimba ng'oma m'gulu la masapota a mpira a m'dera lathu, ndipo mwezi uliwonse amasonkha madola awiri. Mwezi watha timu inkakasewera ku Bulawayo, iye anandiuza kuti akukagona kwa amalume ake ku Kambuzuma. Lolemba m'mawa ndikuona abambo awiri ali naye pakhomo, mkono uli mu bandeji. Akuti pobwerera ataima ku Gweru ena anamumwetsa mowa, kunabuka ndewu, iye n'kuponya mwala womwe unaswa galasi la basi yomwe anachita hayala. Mwini basi akufuna madola 150. Apampando akuti ndilipire ine chifukwa iwo sanamuitane, anakwera yekha. Ine ndimagulitsa tomato. Kodi mlanduwu ndi wanga?"

Agogo, pepani. Timu sinditchula, gulu sinditchula, eni ake adzidziwa.

Kuchoka Harare kukafika ku Bulawayo ndi makilomita pafupifupi 440. Mudutsa Norton, Chegutu, Kadoma, Kwekwe, Gweru, ulendo wa maola ambiri. Mtunda wonsewo mwana ali m'basi, ng'oma ili pakati pa miyendo, akulu akuvina ndi kuwomba m'manja, osapezeka ndi mmodzi yemwe woti afunse, "Iwe, kunyumba akudziwa?" Pamene ng'oma inkakoma anali wawo. Galasi litangosweka wasanduka mdzukulu wa agogo. Apa ndi pomwe mtima wanga wawawa.

Abambo apampando, ndikudziwa mukumvera, ndipo ndikulankhula nanu mwaulemu. Dzina la mwanayu lili m'kaundula wanu. Madola ake awiri msungichuma wanu ankalandira mwezi ndi mwezi. Amene ankawerenga anthu pakhomo la basi ndi wa gulu lanu. Mawu akuti "anakwera yekha" sakukhala bwino pakamwa pa munthu wamkulu. Walira mvula walira matope. Munafuna woimba ng'oma, ndiye kuti munasenzanso udindo womuyang'anira kufikira atabwerera kwa agogo ake.

Malamulo a dziko lino la Zimbabwe sabisa mawu. Gawo 81 la malamulo aakulu a 2013 limati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo ayenera kutetezedwa. Kaya ndevu zamera, kaya ndi wamtali kuposa apampando, ndi mwana basi.

Pa funso lanu, agogo: malamulo a kuno sanena kuti kholo lizilipira chilichonse chimene mwana wawononga pa chifukwa chongoti ndi kholo. Pamafunika pakhale kulakwa kwa khololo, monga kumutuma kapena kumulekerera likuona. Inu munali ku Mufakose, mukudziwa kuti mwana ali kwa amalume ake. Ndipo amene anapangana ndi mwini basi ndi gulu, si inu. Choncho musasaine kapena kudinda chala pa pepala lililonse lovomera ngongole. Mukangosaina, ngongoleyo mwaitenga ndi manja anu. Pitani kaye ku Legal Aid Directorate, ofesi ya boma yothandiza pa zamalamulo anthu omwe sangakwanitse kulipira loya, mutenge mdzukuluyo akafotokoze yekha.

Za mowa ndiye zandikwiyitsa zedi. Malamulo a mowa amaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18, nanga wamkulu womugwiritsa botolo m'manja n'kumaseka tizimutcha chiyani? Ameneyo ndiye anayatsa moto, ndipo gulu likumudziwa. Bwanji abambo awiri aja sanapite pakhomo pake Lolemba lija?

Koma nawe mdzukulu, sendera pafupi ndi wailesi. Unanamiza agogo ako, mayi amene amakhalira padzuwa ndi tomato kuti iwe udye. Usaganize kuti zaka 15 ndi chishango. Munthu wa zaka 14 kupita m'tsogolo akhoza kuzengedwa mlandu, ngakhale kuti nkhani za ana zimayendetsedwa mosiyana ndi za akulu, pamakhala makolo ndi a zachisamaliro cha anthu. Mwala uja ukanagwera m'mutu mwa munthu, bwenzi lero tikukamba zina. Gwada upepese. Maganizo anga ndi akuti gulu lilipire galasi, iwe uthandize ndi thukuta lako, kaya kuchapa mbendera, kaya kusesa pomwe amakumana. Ng'oma usaisiye ayi, ndi luso limenelo. Ku bwalo la mpira la Rufaro n'kufupi, uzipita masana ndi amalume ako enieniwo.

Ndipume pang'ono. Amayi a ku Hatcliffe, moni wanu kwa achemwali anu a ku Chitungwiza wafika. Achimwene a ku Mbare ofuna kuti pulogalamu italike, nkhaniyo ndaitula kwa akuluakulu.

Kalata ina yochokera kwa mlembi wa gulu lina la masapota ku Dzivarasekwa yandisangalatsa, chifukwa iyeyu akufuna kukonza zinthu zisanawonongeke. Akuti, "Tingadziwe bwanji zaka za mwana pomwe ana ambiri a kwathu kuno alibe setifiketi yobadwira?"

Achimwene, mwakhudza chilonda chathu ife adzukulu a anthu omwe anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mapulazi ndi m'nyumba za azungu. Agogo analibe chitupa, mayi alibe, mwana alibe, unyolo wake umayenda choncho. Komatu gawo 43 la malamulo aakulu omwewo limati munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe mu 2013, yemwe kholo lake linali nzika ya dziko la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo munthuyo ankakhala muno pamene malamulowo ankayamba, ndi nzika mwa kubadwa. Makolo, pitani ku maofesi a kalembera, ku Makombe kapena ya m'dera lanu, mukakonze mapepala anu kuti a ana atsatire. Chitupa mwana amatenga akakwana zaka 16.

Pakadali pano, achimwene, musadikire mapepala. Mwana akafuna kulowa, abwere ndi kholo kapena womulera, mumuone ndi maso, mulembe nambala yake. Mwana wosakwana 18 sangadzisainire yekha pangano lomumanga, ndiye fomu yomwe wasaina yekha isakunamizeni kuti mwatetezeka. Ngakhale kholo litasaina, pepalalo silikuchotserani udindo woyang'anira. Ulendo wogona kapena wobwerera usiku, mwana azikwera pokhapokha pali wamkulu wodziwika amene wamutenga, ndipo wamkuluyo tsiku limenelo asalawe mowa. Pakhale amayi ngati muli atsikana. Mukaona kuti zimenezi simungakwanitse, nenani poyera kuti maulendo ndi a zaka 18 kupita m'tsogolo. Mwana adzalira tsiku limodzi, koma adzagona kwawo.

Abale anga, mwezi uno wokha madandaulo otere akhala akubwerabwera. Wina gulu la mpira, wina gulu lotsatira woimba, wina gulu la pa WhatsApp lomwe linayamba ndi kukamba za zigoli n'kuthera pa kubetcha. WhatsApp ndi Facebook amati munthu akhale ndi zaka 13, koma ndani amafunsa? Kubetcha ndi kwa zaka 18, koma ndikumva za akulu otuma ana ndi timapepala ta mpira. Ndipo tisazembe, m'magulu momwemu muli abambo ena omwe amayamba ndi kugulira mtsikana jezi. Kuyambira mu 2024 lamulo likuti kugona ndi mwana wosakwana zaka 18 ndi mlandu, zoti "anavomera yekha" sizikupulumutsani. Kale m'makomboni mwathu mwana akapezeka kutali, wamkulu aliyense ankamugwira dzanja n'kumubweza, chifukwa mwana wa mnzako ngwako yemwe. Lero tikumujambula pafoni ali woledzera n'kumatumizirana. Makolo nanunso, dziwani apampando a gulu la mwana wanu ndi nkhope yomwe. Mwana akati akukagona kwa amalume, imbani kwa amalumewo, mayunitsi ake ndi ochepa kuposa madola 150.

Mwana aliyense amene akumvera ndipo wamkulu wina m'gulu akumukakamiza zosayenera, aimbe 116, ndi Childline, ulere. Kupolisi funsani a Victim Friendly Unit.

Agogo a ku Mufakose, mundilemberenso mukabwerako ku ofesi ija, mundiuzenso kuti mkono wa mdzukulu uli bwanji. Apampando, ngati muli ndi mbali yanu, lembani, ndidzaiwerenga yonse sabata yamawa monga ndawerengera ya agogo.