Kutsukitsa mapaipi a mpweya m'nyumba: ndalama yake ikupita poyenera?

Zimene anayankhula mmisiri wa makina otenthetsa ndi oziziritsa nyumba pa msonkhano wa Amalawi okhala ku Indiana, m'dziko la America, nyengo yozizira itatsala pang'ono kuyamba.

Zikomo a tcheyamani. Amayi ndi abambo, achimwene ndi achemwali, moni nonse. Kumbuyoko ndikumveka? Chabwino. Andiuza kuti nsima ili pamoto, ndiye sindizungulira.

Ikangolowa October foni yanga siipuma, ndipo funso limakhala limodzimodzi: "Achimwene, pa Facebook pali anthu akuti atsuka ma duct a nyumba yonse pa madola 99, ndiwaitane?" Ambiri a inu ndikuti ayi, ndalamayo sungani. Koma alipo ochepa amene nyumba zawo zikufunikadi ntchito imeneyi, ndipo ndikufuna kuti potuluka muno aliyense athe kudziweruzira yekha.

Ndiyambe ndi anzathu amene abwera kumene. Kwathu kukatentha timatsegula zenera, kukazizira timafunda bulangete, nkhani yatha. Kuno nyumba imatsekedwa miyezi yathunthu, mpweya umene ulimo umangozungulira womwewo. Ku basement, chipinda cha pansi pa nyumba, kuli furnace, makina otenthetsa nyumba, m'kati mwake muli fani yaikulu. Faniyo imakoka mpweya kudzera pa chibowo chachikulu chija chili pakhoma, mpweyawo umadutsa pa fyuluta, umatenthetsedwa, kenako umakankhidwira m'mapaipi amalata mpaka kukatulukira pa tizibowo ta pansi m'chipinda chilichonse. Mapaipi amenewo ndiye ma duct. M'chilimwe njira ndi yomweyo, kungoti mpweya umadutsa pa koyilo yozizira ya AC.

Ndiye munthu akakuonetsani chithunzi cha paipi yodzaza fumbi, n'kunena kuti ana anu akupuma zimenezi, mtima umagunda ndithu. Mfundo yake imamveka. Vuto n'lakuti anthu atayesa, sanapeze zimene otsatsa malondawa amanena. Bungwe la boma loona za chilengedwe, EPA, linatulutsa malangizo pa nkhaniyi mu 1997, ndipo mpaka lero ali pa intaneti. Iwo akuti palibe umboni wosonyeza kuti kutsuka mapaipiwa kumapewetsa matenda, komanso palibe umboni wotsimikizika woti fumbi la m'mapaipi limachulukitsa fumbi limene mumapuma pabalaza. N'chifukwa chake salimbikitsa kuti muzitsukitsa mwachizolowezi, koma pokhapokha pakhale chifukwa. Ku Canada nako, bungwe la boma loona za nyumba, CMHC, linayeza nyumba zingapo ku Montreal m'zaka za m'ma 1990, zisanatsukidwe ndi zitatsukidwa. Mapaipi anayera, inde, koma mpweya wa m'nyumba sunasinthe kwenikweni, ndipo ndalama za magetsi sizinatsike moti n'kuonekera.

Chifukwa chake n'chosavuta. Fumbi lambiri limakakamira kumalata, silimayenda. Mukukumbukira mwaye wa kudenga la khitchini ya agogo? Umakhala pomwepo zaka ndi zaka osagwera mu ndiwo, koma tsiku limene wina wautokosa ndi ndodo, aliyense amatuluka akutsokomola. Za m'mapaipi n'chimodzimodzi. Wobwera ndi makina ofooka amangolitakasa fumbi lija, osatha kulikoka lonse, ndiye nyumba imaipa kuposa mmene inalili. Ena amaboola mapaipi ofewa aja okulungidwa ndi pulasitiki, inu osadziwa, mpweya wotentha n'kumathera kudenga nyengo yonse yozizira. Fumbi limene mumapukuta pa TV lija gwero lake ndi nsapato, kapeti, zovala, khungu lathu lomwe, galu kapena mphaka ngati muli naye, makandulo ndi utsi wa pophika.

Tsono ndi liti pamene pamafunikadi kutsuka? EPA imatchula zinthu zitatu. Ziwiri n'zachidule: ngati m'mapaipi mwalowa makoswe kapena tizilombo, komanso ngati zinyalala zachuluka moti zikutseka njira kapena mukuona ndi maso anu fumbi likufuka pa tizibowo fani ikayaka. Apa ine ndimawonjezerapo nyumba imene angoikonza kumene, amisiri n'kumacheka mabolodi a khoma furnace ikuyaka osatseka tizibowo. Fumbi loyera lija limalowa paliponse. Zikatero tsukitsani, sindingakuletseni.

Chachitatu ndi chuku, ndipo apa ndichedwepo chifukwa ndi pamene anthu ambiri amaberedwa. Chuku sichimera pouma. Chikapezeka m'makina, ndiye kuti penapake pali madzi: mwina thireyi ya pansi pa koyilo ya AC yadzaza chifukwa kapaipi kotayira madzi katsekeka, mwina humidifier, kachipangizo kowonjezera chinyezi mu mpweya, ikudontha, mwina basement imalowa madzi mvula ikagwa. Mukatsuka osakonza podonthapo, miyezi ingapo chabwereranso, ndalama zapita. Komanso, si chakuda chilichonse chimene ndi chuku. Fumbi losakanikirana ndi utsi wa makandulo limaoneka chimodzimodzi, ndipo palibe munthu angatsimikize pongoyang'ana ndi tochi. Wina akati muli chuku, muuzeni akuonetseni malo ake enieni, osati chithunzi cha pafoni yake chomwe simukudziwa kuti anachijambula kunyumba kwa yani. Mutha kumata kachidutswa ka selotepi pamalopo, n'kukatumiza ku labotale, akuuzani zoona pa mtengo wochepa. Ndipo ngati mapaipi anu ali ndi chofunda cha fiberglass m'kati, chofundacho chikanyowa n'kuchita chuku sichitsukika. Chimachotsedwa, n'kuika china. Amene akuti apopera mankhwala kuti chife akukunamizani, chifukwa EPA sinavomereze mankhwala alionse opopera pa fiberglass ya m'kati mwa mapaipi. Komanso taganizani, mankhwalawo akawapopera mmenemo, fani ikayaka akupita kuti? Kuchipinda kwa mwana wa mphumu yemwe mumafuna kumuteteza uja.

Musanaimbire aliyense, dzionereni nokha. Zulani chivindikiro cha kabowo kamodzi ka pansi, ambiri amangonyamuka opanda ngakhale sikuluwu. Yatsani vidiyo pafoni ndi tochi yake, pisani mkono mpaka m'chigongono, zungulizani pang'onopang'ono. Pafupi ndi pakamwa mupeza zodabwitsa: makobidi, mabatani, zidole za ana, chimanga chokazinga cha chaka chatha. Zimenezo kokani ndi vacuum yanu, chivindikirocho tsukani ndi sopo. Mukaona m'katimo, nthawi zambiri ndi kafumbi kotuwa kopyapyala kokakamira kumalata. Kameneko n'kabwinobwino, nyumba iliyonse ili nako. Koma mukaona manyi a makoswe, madzi, dzimbiri lonyowa kapena milu ya zinyalala, pamenepo itanani munthu.

Tibwere kwa a madola 99 aja. Tawerengerani nokha. Anthu awiri, galimoto, mafuta, inshulansi, makina, zonsezo pa madola 99? Mtengo umenewo ndi wongotsegulitsa chitseko. Akalowa, wina amatsikira ku basement, pakapita mphindi khumi akubwera nkhope ili gwa: "Mayi, pepani, tapeza chuku choopsa, ana asagone muno." Kapena amati 99 ija inali ya tizibowo towerengeka, totsalato n'tolipira patokha, paipi yaikulu nayo payokha. Pomaliza bilu yafika madola mazanamazana. Ena amangolowetsa kapaipi pakamwa pa kabowo kalikonse, theka la ola atha, apita. Ndipo amadziwa kuti ife obwera sitikonda kukangana ndi munthu amene walowa kale m'nyumba mwathu, timachita manyazi, ndiye amatidyera masuku pamutu. Onaninso zolengeza za pa Facebook zija: chithunzi cha banja losekerera, dzina la kampani palibe, adiresi palibe, angoti tilembereni ku inbox. Mawu omwewo mukawapeza m'magulu a mizinda ina.

Ntchito yeniyeni imaoneka mosiyana. Amaboola paipi yaikulu pafupi ndi furnace, n'kulumikizapo chipaipi chokoka mpweya chachikulu kuposa ntchafu, amatseka tizibowo tonse, kenako amatsegula kamodzikamodzi n'kumakolopa ndi burashi fumbi likukokedwera kunja kapena m'makina a fyuluta ya HEPA, yogwira ngakhale fumbi losaoneka ndi maso. Amatsukanso fani, koyilo ndi thireyi ya madzi, n'kutseka bwino pomwe anaboola. Zimatenga maola angapo. EPA inalemba kuti mtengo wake umakhala pakati pa madola 450 ndi 1,000, ndipo chiwerengero chimenecho n'chakale. Pali bungwe la eni ntchitoyi, NADCA, lomwe lili ndi malamulo a katsukidwe, mutha kuona pa intaneti ngati kampaniyo ili m'kaundula wawo. Kungoti pokuuzani kuti muzitsuka kangati, kumbukirani kuti amenewo ndi ogulitsa. Wina akakuuzani kuti ndi wovomerezedwa ndi EPA, mutsekereni chitseko, EPA siipereka satifiketi kwa otsuka mapaipi. Mtengo alembe papepala asanayambe. Ndipo inu amene munagula nyumba zakale za kuno ku South Bend, zomangidwa isanafike 1980, mukaona mapaipi okulungidwa ndi chinthu choyera ngati pepala lolimba kapena bandeji, musachikhudze, wotsukanso asachikhudze. Chitha kukhala asbestos, ndipo fumbi lake limawononga mapapo.

Tsono ndalama imene mwapulumutsayo ipite kuti? Choyamba fyuluta. Ndimalowa m'nyumba zina n'kusolola fyuluta yakuda bii, yopindika, yaubweya ngati chikopa cha mbuzi, mwini nyumba n'kumadabwa kuti kodi pamenepa pamatseguka. Yopyapyala ya inchi imodzi ija muziiona mwezi uliwonse, isapitirire miyezi itatu. Kukula kwake kwalembedwa m'mphepete, monga 16x25x1, ndipo kamuvi kali pamenepo kaloze ku furnace. Pali nambala ya MERV: ikamakwera, fyuluta imagwira tinthu tating'ono kwambiri. Ya 8 ndi yabwino kwa ambiri, ya 11 kapena 13 imathandiza ngati m'nyumba muli wa mphumu, koma funsani kaye ngati makina anu angaikwanitse, chifukwa yothina kwambiri imalemetsa fani.

Chachiwiri, ndipo apa ndikupempha mumvetsere, furnace ya gasi iyesedwe ndi mmisiri chaka chilichonse kuzizira kusanayambe, ndipo mugule alamu ya carbon monoxide, mpweya wapoizoni wochokera pa zoyaka, muike pafupi ndi zipinda zogona. Mpweya umenewu suoneka, sununkha. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, munthu n'kumati ndi chimfine, akagona osadzukanso. Bungwe la boma loona za matenda, CDC, limati anthu oposa 400 amafa nawo chaka chilichonse muno mu America, kupatula a ngozi za moto. Ndipo magetsi akazima kunja kuli chipale, chonde musalowetse mbaula kapena chowotchera nyama cha makala m'nyumba, ngakhale mu garaja. Kwathu timaothera mbaula pakhonde kapena m'nyumba yolowa mphepo m'mipata, komabe anthu amafa nayo. Nanji kuno nyumba yomatidwa paliponse.

Chachitatu, ilipo paipi imodzi imene ndikuti tsukani chaka chilichonse osaphonya: ya dryer, makina oumitsira zovala. Timaulusi ta zovala timaunjikana mmenemo, ndipo timayaka msanga. Bungwe la boma loona za ngozi za moto, US Fire Administration, linawerengera moto pafupifupi 2,900 pachaka woyambira pa ma dryer m'nyumba za anthu, ndipo chifukwa chachikulu ndi kusatsuka. Zovala zikayamba kufuna maulendo awiri kuti ziume, chizindikiro ndi chimenecho. Burashi yake ndi yotchipa, mutha kuchita nokha Loweruka m'mawa. Tulukaninso panja dryer ikugwira ntchito, muike dzanja potulukira mpweya, mumve ngati ukutuluka mwamphamvu. Amene mukudandaula za bilu ya gasi, vuto kawirikawiri si fumbi koma mapaipi otayitsa mpweya m'molumikizira. A Energy Star, pulogalamu ya boma yolimbikitsa kusawononga magetsi ndi gasi, amati nyumba wamba imataya 20 mpaka 30 peresenti ya mpweya wodutsa m'mapaipi mwa njira imeneyi. Mankhwala ake ndi kumata ndi phala lotchedwa mastic kapena tepi ya aluminiyamu. Tepi yotuwa ija yotchedwa duct tape imamatuka ikatenthedwa.

Ndaona dzanja uko. Eya mayi, funsani.

Mayi akufunsa kuti akakazinga usipa kapena chambo chouma fungo limakhala masiku atatu, mpaka m'majekete opita nawo kuntchito, ndiye kutsuka mapaipi kungathandize? Mwaseka nonse chifukwa nkhaniyi ndi ya tonse. Mayi, sikungathandize. Fungolo limakhala m'makatani, m'kapeti, m'mipando ndi m'mafuta okakamira pa kasefa kachitsulo ka pamwamba pa chitofu. Kasefako kazuleni, kaviikeni m'madzi otentha a sopo. Kenako fufuzani ngati fani ya pachitofupo imatulutsa utsi kunja, chifukwa m'nyumba zambiri zalendi imangoukoka n'kuubwezera kumaso kwanu. Ngati ndi yotero, tsegulani zenera la kukhitchini pang'ono pokazinga, tsekani zitseko za kuchipinda, ndipo zimitsani furnace kwa kanthawi kuti isakoke utsiwo n'kuugawira nyumba yonse. Mukamaliza musaiwale kuyatsanso.

Bambo kumapetoko akuti iwo ali pa lendi. Bambo, makina ndi mapaipi ndi a eni nyumba, musalipire wotsuka ndi ndalama zanu, ndipo musalole munthu kuboola chilichonse eni ake osadziwa, angakudulireni pa dipoziti. Zanu ndi kuwerenga pangano la lendi kuti muone amene ayenera kusintha fyuluta. Mukaona madzi, chuku kapena makoswe, jambulani, mutumize kwa alandilodi pa meseji kapena imelo kuti pakhale umboni wa tsiku limene munanena. Akapanda kuchitapo kanthu, ofesi ya mzinda yoona za malamulo a nyumba imalandira madandaulo otere.

A tcheyamani akundilozera wotchi. Amene muli ndi zithunzi za furnace yanu pafoni mundipeze pa tebulo la pakhomo tikatha kudya, ndikuonetsani pamene fyuluta imalowera. Zikomo kwambiri.