Musagule kamera poona manambala apabokosi

Zikomo a gulupu, mafumu, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata a kalabu amene mwandiitana. Kuno ku Bembeke lero kwazizira, ndipo ena mukufuna kukathirira mbatatesi kudimba, ndiye sinditalikitsa.

Mwandiuza kuti mwasonkha ndalama, mukufuna kamera yoti muzijambulira zochitika za m'mudzi muno. Taonani kuno. M'thumba la jekete ili muli makamera awiri, ndipo simumadziwa n'komwe. Kunyumba ndili nayo ina yaikulu ya paukwati, ya chikwama chakechake, koma sabata yonse imangogona m'kabati. Ndani angakwere nayo kabaza kupita kumsika wa Lizulu itakolekedwa m'khosi? Kakang'onoka ndi kamene kanajambula mwana wanga tsiku limene anayamba kuyenda, chifukwa ndi kamene kanali pafupi.

Koma si kamera yaing'ono iliyonse. Ine ndinapsa kale chala. Chaka china ndinagula kamera m'shopu ina m'tauni, pabokosi atalemba manambala akuluakulu a megapixel, mtengo wake wokoma. Ndinapita nayo ku chinkhoswe cha mlongo wanga. Panja padzuwa inkayesetsa. Titalowa m'holo, nthawi ya perekaniperekani, zithunzi zonse zinatuluka mbuu, nkhope ngati zapakidwa phala. Mlongo wanga mpaka lero alibe chithunzi chooneka cha tsiku limenelo, ndipo zimandipwetekabe.

Chimene sindinkadziwa ndi ichi. M'kati mwa kamera, kuseri kwa galasi, muli kachipangizo kolandira kuwala, amakatcha sensa. Amayi, mvula ikamagwa, wina watchera kapu, wina watchera beseni, atunge madzi ambiri ndani? Eya, wabeseni. Kuwala nakonso n'chimodzimodzi. Sensa yaikulu imakolola kuwala kochuluka, choncho ngakhale m'tchalitchi kapena madzulo kukuchita chisisira, chithunzi chimatuluka choyera. Tsono ma megapixel aja ndi kuchuluka kwa timadontho timene sensayo aigawa. Munda wa theka la ekala, ngakhale muunge mizere yothinana bwanji, sukhala ekala. Ma megapixel 12 okha amakwana kutsukitsa chithunzi chachikulu ngati pepala la A4, chokoloweka pakhoma. Ndiye wogulitsa akamakukopani ndi 48 kapena 64, inu mufunseni kuti sensa yake ndi yaikulu bwanji.

Makamera ambiri otchipa ali ndi sensa imene amailemba kuti 1/2.3. Ena ali ndi imene amati 1 inchi, ndipo iyi malo ake ndi aakulu pafupifupi kanayi. Iyi ili m'manja mwangayi ndi Sony RX100. Mtundu wake woyamba unatuluka mu 2012, umalemera magalamu 240 okha, osakwana n'komwe kota ya paketi ya shuga. Canon G7 X nayo ili m'gulu lomweli. Aliponso a sensa yaikulu kuposa pamenepa, monga Ricoh GR III ndi Fujifilm X100V, zithunzi zake zokongola zedi, koma ndi odula ndipo sakoka zinthu zakutali. Kwa kalabu ngati yanu, ine sindingakulangizeni amenewo.

Kenako yang'anani pamphepete pa galasi, pali nambala imene amaitcha f, yolembedwa ngati f/1.8 kapena 1:1.8. Apa zimasokoneza pang'ono: nambala ikachepa, ndiye kuti khomo lolowera kuwala lakula. Galasi la f/1.8 limalowetsa kuwala pafupifupi kanayi kuposa la f/3.5.

Achimwene kumbuyoko mukuti chiyani? Zumu? Funso labwino. Ilipo zumu yeniyeni, yolembedwa optical, imene magalasi amasuntha n'kukoka chinthu. Inayo, ya digital, imangodula chithunzi n'kuchitambasula, musaiwerengere. Ngati mtima wanu uli pa mpira wa kubwalo kapena mbalame za m'phiri la Dedza, makamera ena a Panasonic Lumix TZ amakoka mpaka ka 30. Kungoti sensa yake ndi yaing'ono ija, m'nyumba amafooka. Apa muyenera kukhala pansi n'kugwirizana: kodi zambiri tizijambula panja kapena m'kati?

Ndipo ndinene poyera. Ngati wina ali ndi foni yabwino ya masiku ano, kamera yotchipa ya sensa yaing'ono siiposa foniyo kwenikweni, kupatula pa zumu. Kuli bwino kudikira mpaka ndalama zikwane kusiyana n'kugula chinthu choti muli nacho kale m'thumba.

Za batire musazitaye. Sankhani yotchajidwa ndi chingwe cha USB, kuti magetsi akathima muzitchaja pa sola kapena pa power bank. Mugulenso batire lachiwiri. Kuzizira kwa kuno mu Juni ndi Julayi kumamaliza moto msanga, ndiye lapaderalo muzilisunga m'thumba lam'kati, pafupi ndi thupi.

Adani ena ndi fumbi ndi chinyontho. Galasi lotuluka n'kubwerera lija limakoka fumbi la mu Okutobala. Dzinja likafika, kamera yotsekeredwa m'sutikesi imachita chuku m'galasi, timizere ngati ukonde wa kangaude, ndipo kuchotsa kwake n'kovuta. Timapaketi tating'ono toyera timene timabwera m'mabokosi a nsapato tija musamataye, timayamwa chinyontho, ikani m'chitini chotseka bwino pamodzi ndi kamera. Ngati kamerayo izidutsa m'manja ambiri, kumunda ndi kudambo, ganizirani Olympus Tough TG-6, imene imapirira fumbi ndipo imalowa m'madzi mpaka mamita 15.

Ambiri mugula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo palibe cholakwika. Koma pitani awiri, mutenge memori khadi yanuyanu. Walitsani tochi ya foni m'galasi muone ngati muli chuku kapena mikwingwirima. Jambulani khoma loyera, mukuze chithunzicho, muone ngati muli madontho akuda. Tulutsani zumu mpaka kumapeto mukumvetsera, ikamalira ngati muli mchenga, isiyeni. Wogulitsa akakana kuti muyese, bwezani ndalama m'thumba muzipita.

A gulupu ali pano, ndiye ndinenenso ili. Kamera yaing'ono sioneka, koma chimenecho si chilolezo chojambula mobera. Pamaliro pemphani kwa eni mbumba. Pabwalo la gule wamkulu funsani akuluakulu a dambwe, akakana ndiye kuti akana. Mukapita kukaona zojambula za makolo pamiyala ya ku Chongoni, malo amene UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations, inawaika m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, musazigwire kapena kuzithira madzi kuti zioneke bwino pachithunzi, mumaziwononga.

Tsopano bwerani awiriawiri. Mayi a pampando, yambani ndinu. Lowetsani dzanja m'kachingweka kaye, eya, choncho. Ndiye mujambule a gulupu ali pamthunzi pomwepo, kenako tiyese ndi inayi, tione kusiyana kwake.