Kupita Padera m'Miyezi Itatu Yoyambirira

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Nkhani ya lero ndi ija timaikamba monong'onezana kuseri kwa nyumba: kupita padera mimba ikadali yaing'ono.

Pa amayi 10 amene adziwa kuti ali ndi pakati, mmodzi kapena awiri mimba imachoka. Pafupifupi theka la mimba zochokazi zimakhala kuti mbewu ya bambo ndi dzira la mayi sizinakhale bwino kuyambira pachiyambi. Choncho apongozi, musathamangire kunena kuti ndi tsempho kapena mtsikanayo anachita kanthu. Ndakhalapo pamphasa ndi mayi akulira, osati chifukwa cha ululu wa m'mimba, koma mawu a abale.

Komabe zilipo zina zomwe tingathe kukonza. Tiyambe ndi mahomoni. Awa ndi timadzi tomwe thupi limapanga lokha, toyenda m'magazi. Ena, otchedwa progesterone, amayala mkati mwa chiberekero kuti mimba igwire. Mayi amene anapitapo padera ndipo wayambanso kudontha magazi, adokotala ena amampatsa mankhwala a mahomoni amenewa, koma atamupima kaye. Musamagule nokha.

Shuga ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa amabisala. Shuga akakhala wokwera m'masabata oyamba, mwana amakula movutikira ndipo mimba ikhoza kuchoka. Ngati mumamva ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi usiku, kapena mayi anu anali ndi shuga, kapimitseni musanatenge pakati. Inunso amene mumatha miyezi itatu kapena inayi osasamba, thupi likunenepa, tsitsi likumera kuchibwano, mahomoni anu akufunika kuonedwa.

Gwirani pakhosi panu. Pamenepo pali kachiwalo kamene kakatupa timati chithokomiro. Kakamagwira ntchito mopereŵera kapena mopitirira, mimba imavuta kukhazikika. Kachiwaloka kamadya ayodini, ndiye mchere wanu ukhale wa m'paketi yolembedwa kuti muli ayodini, ndipo muziusunga m'botolo lotseka, osati m'mbale yapululu pafupi ndi mafuwa. Chinangwa chowawa chosaviika mokwanira chimalepheretsanso ayodiniyu kugwira ntchito.

Tibwere ku mphika. Mayi wowonda kwambiri ndi wonenepa kwambiri, onse ali pa chiopsezo. Nsima ndi ndiwo imodzi tsiku ndi tsiku sizikwanira. Pakhale usipa, nyemba, bonongwe, nkhwani wotendera, chipatso cha nyengo yake. Mazira adye ndithu. Zoti mwana adzabadwa wopanda tsitsi si zoona. Abambo, dzira lija mumadya nokha, mugawireni mayi. Kachasu, chibuku ndi fodya, ayi. Khofi ndi tiyi wamphamvu, pang'ono chabe.

Mapiritsi owonjezera magazi a ku sikelo muli ayironi ndi folic acid. Folic acid amateteza msana ndi ubongo wa mwana, zomwe zimaumbika m'mwezi woyamba, mayi asanadziwe n'komwe. Ndiye mukabwera mimba ili miyezi isanu, mwachedwa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO kuyambira 2016 limati mayi akumane ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, koyamba masabata 12 asanathe. Ndikudziwa mumabisa poopa anthu oipa mtima. Abisireni a m'mudzi, koma namwino muuzeni.

Mukaona magazi, kupotokola kwa m'mimba kapena kutentha thupi, musadikire kuti kuche, ndipo musayambire kwa asing'anga. Malungo nawonso amachotsa mimba. Abambo, njinga ikhale yopopa, ndalama ya kabaza ikhale pambali.